Mano Oikirira: Chala Chiyambe, X-ray Ibwere Pambuyo

Munthu amene mano anamuthera m'kamwa akapita kukafuna oikirira, m'zipatala zambiri za mano mawu oyamba amene amamva ndi akuti, "Agogo, muyambe mwakajambulitsa." Nthawi zina kapepala kopita nako ku X-ray kamalembedwa iye asanayasamule n'komwe. Chithunzi chake ndi chija chachitali, chimene makina amazungulira mutu kwa masekondi pafupifupi 15 n'kutulutsa nsagwada zonse ziwiri, kuyambira khutu ili mpaka linalo. Madokotala amachitchula kuti OPG. Wodwala sawiringula. Amaona kuti wapeza dokotala wosamala, ndipo ngati pali zolipira amalipira ndi mtima umodzi.

Maganizo anga ndi akuti mwambo wojambula aliyense wopanda mano, pa chifukwa chokhacho choti alibe mano, ulibe maziko okwanira. X-ray ili ndi malo ake pa ntchito yopanga mano oikirira, koma malo akewo ndi pambuyo poti dokotala wafunsa, wayang'ana, wakhudza, ndipo watsala ndi funso limene maso ndi zala zalephera kuyankha.

Oikira kumbuyo mwambowu ali ndi mfundo, ndipo si yoti n'kuipeputsa. Amati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Nkhama zimatha kuoneka zosalala bwinobwino pamene pansi pake pagona chitsa cha dzino limene linathyoka polizula zaka 20 zapitazo. Pamatha kukhala dzino lathunthu limene silinamere, kawirikawiri lomalizira la kuchibwano kapena losongoka la m'mwamba. Pamatha kukhala kathumba ka madzi kotsalira pamene panali dzino lovunda, kamene kamakula pang'onopang'ono n'kumadya fupa mwini wake osamva kanthu. Pamapezekanso tizidutswa ta chitsulo chomatira mano timene tinagwera m'dzenje tsiku lozula. Zonsezi zimachitikadi, ndipo aliyense amene anaunikapo mulu wa zithunzi za anthu opanda mano akudziwa kuti zoyera mbee, zopanda kalikonse, si zochuluka monga momwe munthu angaganizire.

Koma kupeza kanthu ndi nkhani ina, kusintha chithandizo chifukwa cha kanthuko ndi nkhani inanso. Mu 1998 madokotala a pa University of Western Ontario ku Canada anafalitsa zimene anaona pa zithunzi za odwala 375 ofuna mano oikirira. Oposa 2 mwa 3 alionse anali ndi china chake choonekera pa chithunzi. Amene anafunika kuwachita kanthu asanawapangire mano sanakwane 1 mwa 10. Kafukufuku wa m'maiko ena wakhala akupeza zofanana: zooneka n'zambiri, zofuna mpeni n'zochepa. Tsono pa ochepawo, ambiri amakhala omwe ali kale ndi chizindikiro, monga kupweteka, kutupa, kapena kabowo kotuluka mafinya, amene dokotala wopima mofatsa akanawatumiza ku X-ray ngakhale pakanapanda lamulo lojambula aliyense.

N'chifukwa chake malangizo anasintha. Ku America, malangizo a mu 1987 a FDA, bungwe la boma loyang'anira zakudya ndi mankhwala, ankati wodwala watsopano wopanda mano ajambulidwe nsagwada zonse. Atawakonzanso mu 2004, mogwirizana ndi bungwe la madokotala a mano la American Dental Association, anati ajambulidwe malinga ndi zizindikiro zimene wabwera nazo. Chaka chomwecho malangizo a European Commission, nthambi ya mgwirizano wa maiko a ku Ulaya, oteteza anthu ku cheza cha X-ray m'zipatala za mano ananena mosapita m'mbali kuti munthu wopanda mano amene alibe chizindikiro chilichonse palibe chifukwa chomujambulira, pokhapokha ngati akufuna kumukhomera zikhomo za m'fupa zija amati implant. Papita zaka zoposa 20, koma chizolowezi chakale chikadali moyo.

Nkhani yonseyi yagona pa chitsa, chifukwa ndicho chimapezeka kwambiri, makamaka kumene kunali mano a kuchibwano a m'mwamba, amene ali ndi mizu itatu yopyapyala ndi yokhota. Zitsa zili mitundu iwiri. China chili pamwamba, mwina chatulukira pang'ono m'kamwa kapena chaphimbidwa ndi khungu lokha, malovu ndi tizilombo zimachifikira, ndipo mano oikirira akachipanikiza chimabaya nkhama kuchokera m'kati. Chimenecho n'chofunika kuchotsa, ndipo nthawi zambiri chimadziulula chokha. Chinacho ndi kansonga ka mamilimita 3 kapena 4 kamene kanathyoka muzu uli wamoyo, magazi anaundana pamwamba pake, fupa linamera n'kukatsekera mbali zonse. Kamatha kukhala momwemo mpaka mwini wake kukalamba osamuvutitsa. M'zaka za m'ma 1970 madokotala ena ankachita kusiya dala mizu yamoyo pansi pa nkhama pofuna kusunga fupa, chifukwa pamene pali muzu fupa silifulumira kutha.

Walira mvula walira matope. Ukajambula aliyense udzapeza tizitsa totere tambirimbiri, ndipo kanthu kakaoneka pa chithunzi n'kovuta kuti dokotala akasiye, n'kovutanso kuti wodwala amene wauzidwa kuti "muli chitsa m'fupa" agone tulo. Onani zimene zimachitika pokachotsa. Dokotala amabaya jakisoni wa dzanzi, amang'amba nkhama n'kuzikanganula pa fupa, amasema fupa ndi makina mpaka atakafika, amakatukula, n'kusoka. Wodwala adikire milungu 6 mpaka 8 kapena kuposerapo kuti pachire asanatenge muyezo wa mano oikirira. Fupa limene lasemedwa silibwerera lonse, ndiye pamalopo pamatsala chigwa. Ngati chitsacho chinali m'mwamba, pafupi ndi mphanga ya mpweya ya m'fupa la tsaya, chimatha kuterereka n'kugwera m'mphangamo, kapena pamatsala bowo loti munthu akamamwa tiyi amatulukira m'mphuno. Ngati chinali m'munsi, pafupi ndi mtsempha woyenda m'kati mwa nsagwada, mlomo umatha kuchita dzanzi miyezi ingapo, mwinanso mpaka kalekale.

Fupa limene latayika pamenepo ndi chuma chokhacho chimene munthu wopanda mano watsala nacho. Mano oikirira amakhala pa mzera wa fupa umene kale unkagwira mizu, ndipo mzerawo uli ngati wa m'munda wosaundiranso: chaka ndi chaka umatsika. Umatsika mofulumira m'miyezi 6 mpaka 12 yoyamba mano atazulidwa, kenako pang'onopang'ono moyo wonse. Wofufuza wina, Antje Tallgren, anatsatira anthu ovala mano oikirira kwa zaka 25, ndipo mu 1972 anaonetsa kuti kutsogolo kwa nsagwada ya m'munsi mzera unatsika mamilimita 9 mpaka 10, pamene wa m'mwamba unatsika 2.5 mpaka 3. Ndiye chifukwa chake mano a m'munsi ndi amene amavina m'kamwa munthu akamatafuna chimanga chokazinga kapena nyama. Kusema mzera wa m'munsi pofuna kansonga kamene kanangodzigonera n'kuwonjezera vuto limene wodwala adzakhala nalo tsiku lililonse pa nthawi ya nsima.

Pali anthu ena amene opaleshoni yotereyi ndi yoopsa kwambiri kwa iwo. Amene akumwa kapena kubayidwa mankhwala olimbitsa mafupa monga alendronate ndi zoledronate, komanso amene anawotchedwapo khansa ya m'mutu kapena m'khosi ndi cheza, fupa lawo la nsagwada likavulazidwa limatha kufa m'malo mochira, n'kukhala poyera m'kamwa miyezi yambiri. Wa shuga wosatsika amachedwa kupola. Wakumwa warfarin, mankhwala oletsa magazi kuundana, amataya magazi. Ndipo ambiri ofuna mano oikirira ndi achikulire, amene matenda ndi mankhwala amenewa ndi awo.

Pali chinthu china chimene chimatikhudza ife anthu akuda mwapadera. Amayi ambiri akuda a zaka zapakati ndi achikulire amakhala ndi kusintha kwa fupa la nsagwada kumene dzina lake la chipatala ndi cemento-osseous dysplasia. Si khansa, ndipo kawirikawiri sikupweteka. Pa chithunzi kumaoneka ngati timibulu toyera ta thonje pamene panali mizu, nthawi zina mbali zonse ziwiri za nsagwada. Munthu wosazolowera kuwerenga zithunzi angaganize kuti ndi zitsa kapena chotupa, n'kuthamangira kukumba. Timibuluti tilibe magazi okwanira, ndiye tikatsegulidwa tizilombo timalowa, mankhwala sakafikako bwino, ndipo fupa limatha kuola n'kumatuluka mafinya nthawi yaitali. Chithandizo chovomerezeka, ngati palibe chovuta, n'kusakhudza. Ndivomereze kuti apa oikira kumbuyo X-ray ali ndi mawu: mzera ukamatsika pansi pa mano oikirira, timibuluto timatha kutulukira n'kuyambitsa zilonda, choncho kudziwiratu kuti tilipo n'kothandiza. Komabe zimene dokotala angachite atadziwa ndi zomwe amayenera kuchitira aliyense: kupanga mano okhala bwino osapanikiza malo amodzi, kuuza wodwala kuti aziwavula usiku, ndi kumuuza kuti chilonda chikayamba asachedwe kubwera.

Makinawo nawonso anthu amawakhulupirira mopitirira. OPG, imene Yrjö Paatero wa ku Finland anaikonza m'zaka za m'ma 1940 ndi 1950, imaonetsa bwino kagawo kopyapyala kokha kooneka ngati uta, ndipo nsagwada iyenera kukhala m'kagawo komweko. Munthu wa mano amaluma kamtengo kokhala ndi mpata, ndipo mutu umakhala pamalo pake. Wopanda mano alibe cholumira. Amangotsamiritsa chibwano ndi mlomo, ndiye akapita kutsogolo kapena kumbuyo pang'ono pokha, kutsogolo kwa nsagwada kumatuluka kofinyika kapena kotambasuka. Akaiwala kukanikiza lilime kumwamba kwa m'kamwa, mpweya umapanga mthunzi wakuda wophimba nsagwada ya m'mwamba, komwe zitsa zimachuluka. Wokalamba wopindika msana amalephera kuwongola khosi, mafupa a khosiwo n'kuika chifunga choyera pakati pa chithunzi. Ndolo yoiwalika imaoneka ngati chizukwa mbali inayo. Wonjenjemera sangakhale chete masekondi 15. Kuwonjezera apo chithunzicho chimakulitsa zinthu ndi 20 mpaka 30 peresenti, mosafanana m'litali ndi m'lifupi, ndipo sichionetsa kunenepa kwa fupa kuchokera kutsaya kupita ku lilime. Choncho chithunzi "choyera" sichitsimikizira kuti mulibe kanthu, ndipo mthunzi uliwonse sutanthauza matenda.

Choopsa kwambiri m'kamwa mwa munthu wachikulire sichioneka pa X-ray. Khansa ya m'kamwa imayambira pa khungu, m'mbali mwa lilime, pansi pa lilime, kapena kuseri kwa mzera, ndipo ikafika poonekera pa fupa ndiye kuti yapita patali. Khansa ya Kaposi sarcoma, imene imaoneka ngati banga lofiirira modera kumwamba kwa m'kamwa mwa anthu amene chitetezo chawo chatsika, sioneka. Fangasi wofiiritsa nkhama pansi pa mano akale saoneka. Mnofu wolendewera umene unakula chifukwa cha mano akale okhwepa, mzera wofewa wogwedera ngati phala, malovu ochepa chifukwa cha mankhwala a BP, zonsezi ndi zimene zimachititsa kuti mano atsopano agwire kapena akane, ndipo palibe ndi chimodzi chomwe chimene makina amajambula. Chimene ndimaopa pa mwambo wojambula aliyense n'chakuti umapatsa dokotala ndi wodwala mtima woti kupima kwatha.

Kupima kwenikweni kumatenga mphindi 10 kapena 15, ndipo kumayamba ndi kufunsa. Mano anazulidwa liti, kuti, ndipo anazula ndani? Alipo amene anathyoka, amene wozula analimbana nawo nthawi yaitali, kapena amene ananena kuti "kotsalako kadzatuluka kokha"? Pali pamene pamapweteka, pamatupa n'kuphwa, kapena pamatuluka zowawa m'kamwa? Mlomo unayamba wachita dzanzi? Nsagwada inathyokapo? Anachotsedwapo chotupa? Akumwa mankhwala anji? Amasuta kapena kuika fodya m'kamwa? Buku la kuchipatala lionedwe, ndipo ngati pali chithunzi chimene anajambulidwa mano asanazulidwe, chifunsidwe, chifukwa nthawi zambiri chimayankha zonse popanda kujambulanso.

Kenako mano akale avulidwe, nkhama zipukutidwe ndi kansalu kuti ziume, pakuti pa nkhama zonyowa kabowo ka mafinya kamabisala. Kamaoneka ngati kachiphuphu kofiira kakang'ono kuposa njere ya mapira, ndipo ukakanikiza pambali pake kadontho kachikasu kamatuluka. Chala chovala gulovu chiyende pang'onopang'ono pamwamba pa mzera wonse, kuchokera kumbuyo kumanja mpaka kumbuyo kumanzere, kenako chala chachikulu ndi cholozera zitsine mzerawo mbali zonse ziwiri. Maso a dokotala akhale pa nkhope ya wodwala, chifukwa okalamba ambiri sanena kuti zapweteka, amangotsinzina. Kansonga kolimba pansi pa khungu kamamveka. Mbali imodzi ikanenepa kuposa inzake, kapena fupa likamabonyoka ngati chigoba cha dzira, pamenepo pali funso lalikulu. M'munsi, cha pamene panali dzino lachinayi ndi lachisanu kuwerenga kuchokera pakati, pali kabowo kotulukira mtsempha wa mlomo. Mzera ukatsika kwambiri kabowoko kamafika pamwamba, ndipo ukakanikiza wodwala amamva ngati magetsi akuthamangira ku mlomo. Ambiri amati X-ray ndiyo imaonetsa malo amenewa, koma chala nachonso chimawapeza, ndipo dokotala amangolemba chizindikiro pa muyezo kuti wopanga mano asiye kampata pamenepo. Mlomo wa m'munsi ukhudzidwe ndi kathonje mbali iyi ndi inayo kuti aone ngati akumva mofanana. Lilime ligwidwe ndi kansalu, likokedwe, lionedwe m'mbali ndi pansi. Pomaliza zala zifufuze anabere pansi pa chibwano ndi m'khosi. Chilonda chimene chatha milungu itatu osapola, ngakhale mano akale atavulidwa, chimafuna kudulako kanyama kokapima, osati chithunzi.

Akatha zimenezi dokotala amadziwa amene ayenera kujambulidwa: wa kabowo ka mafinya, wa malo opweteka akakanikiza, wa kansonga komveka, wa fupa lotupa, wa dzanzi losadziwika chiyambi chake, wa mbiri ya dzino lothyoka kapena dzino limene silinamerepo ndiponso silinazulidwepo, wa dzenje limene lakana kupola patapita miyezi iwiri, wa nsagwada imene inathyokapo kapena kuchitidwa opaleshoni, ndi amene akufunika kusemedwa fupa kuti mano akhale bwino. Mwachitsanzo, asanachepetse chotumphuka cha kumbuyo kwa nsagwada ya m'mwamba ayenera kudziwa kuti mphanga ya mpweya yatsika kufika pati, chifukwa mwa ena pakati pa mphangayo ndi m'kamwa pamatsala fupa lopyapyala ngati pepala.

Ngakhale pamenepo, si nthawi zonse pamene OPG ndiyo yoyenera. Ngati funso lili pa malo amodzi, kafilimu kakang'ono kolowetsa m'kamwa kamaonetsa bwino kwambiri, ndi cheza chochepa ndi mtengo wotsika. Vuto lake n'loti m'kamwa mopanda mano mulibe chizindikiro cholozera kuti chitsa chili pati. Njira yake ndi yosavuta: amamata kachidutswa ka waya kapena kampira kachitsulo pa phula kapena pa mano akale, pamalo okayikitsawo, n'kujambula zili m'kamwa. Pa chithunzi amayeza mtunda kuchokera pa wayayo kukafika pa chitsa, ndiye pong'amba sachita kusakasaka. Mphamvu ya makina ichepetsedwenso, chifukwa fupa lopanda mano ndi lopyapyala, ndipo muyezo wa munthu wa mano umadetsa chithunzi n'kubisa kansonga. OPG ndi ya pamene malo okayikitsa ndi ambiri, chotupa n'chachikulu kuposa kafilimu, kapena wodwala sangathe kuyasamula. Za implant ndi nkhani ina: pamenepo kujambula n'kosapeweka, ndipo nthawi zambiri pamafunika chithunzi cha CBCT choonetsa kutalika, kunenepa kwa fupa ndi njira ya mtsempha.

Za cheza ndinene mwachilungamo, chifukwa ena amaopseza nazo anthu mopanda chifukwa. Cheza amachiyeza m'ma microsievert, ndipo OPG imodzi imapereka apakati pa 10 ndi 25 pa makina ambiri. Munthu aliyense amalandira pafupifupi 2,400 pa chaka kuchokera m'nthaka, m'mlengalenga ndi m'zakudya. Ndiye chithunzi chimodzi n'chofanana ndi masiku ochepa a moyo wamba, ndipo kwa munthu wa zaka 65 chiopsezo n'chochepa kwambiri kuposa kwa mwana. Zinthu zasintha kutalitali kuchokera mu 1896, pamene dokotala wa mano Otto Walkhoff ku Germany anadzijambula mano kwa mphindi 25. Amene ali ndi chifukwa chojambulira asaope. Koma lamulo la cheza padziko lonse n'lakuti ngakhale chochepa chikhale ndi phindu kwa munthu amene akuchilandirayo, ndipo mfundo yanga yaikulu si cheza ayi. Ndi ndalama, ulendo, nkhawa, ndi mpeni umene umatsatira chithunzi.

Mfundo yolimba kwambiri yotsutsana nane ndi ya kwathu. Wina anganene kuti malangizo a ku America ndi ku Ulaya analembedwera anthu amene mano awo anazulidwa m'chipatala chokhala ndi X-ray ndi kaundula. Ku Malawi ntchito yaikulu ya mano yakhala m'manja mwa ma dental therapist, akatswiri a mano amene si madokotala, ophunzira ku Malawi College of Health Sciences, pakuti maphunziro a udokotala wa mano anayamba mu 2019 mokha, ku College of Medicine imene tsopano ili mu Kamuzu University of Health Sciences. Pa chipatala cha boma mzere wa ozula mano umakhala wautali, zida n'zochepa, chithunzi sichijambulidwa, ndipo ena anazulidwa kumudzi ndi munthu wa pulayala. Zitsa ziyenera kukhala zambiri kuposa ku Canada. Komanso munthu wochokera kutali sadzabweranso chaka chamawa kudzaonedwa, ndiye bwanji osagwiritsa ntchito mwayi womwewo?

Gawo loyamba la mfundoyi ndikulivomera, ndipo likulowa kale mu zimene ndanena. Mbiri ya dzino lothyoka ndi chifukwa chokwanira chojambulira malo amenewo, ndipo ngati kwathu anthu a mbiri yotere ndi ambiri, ojambulidwa adzakhalanso ambiri. Kumeneko ndi kusankha, osati kujambula mwachisawawa. Koma kuchuluka kwa zitsa sikusintha khalidwe la chitsa: chotsekeredwa m'fupa ku Ntchisi n'chimodzimodzi ndi chotsekeredwa m'fupa ku Ontario. Gawo lachiwiri ndiye likutembenukira kwa eni ake. Makina a OPG amapezeka makamaka m'mizinda. Kulamula kuti palibe mano popanda chithunzi n'kuuza gogo wa kumudzi kuti awonjezere ulendo wina pa maulendo 4 kapena 5 amene mano oikirira amafuna kale: muyezo woyamba, muyezo wachiwiri, kuyeza kalumidwe, kuyesa mano ali pa phula, ndi kudzawatenga. Awonjezere thiransipoti ya anthu awiri, popeza sayenda yekha, ndi malo ogona. Ambiri amathera pomwepo n'kubwerera ku phala ndi nsima yofewa. Ndipo kumene madokotala ochita opaleshoni ya nsagwada ndi owerengeka, bowo la ku mphanga ya mpweya kapena fupa loola chifukwa chokumba chosafunika si zinthu zoti zikonzedwa sabata yomweyo.

Ena amatchula ameloblastoma, chotupa cha nsagwada chimene chimaoneka kwambiri mu Africa ndipo anthu amafika nacho ku zipatala zazikulu chitakula ngati papaya. Nkhawa yake ndi yoona, koma chotupachi chimagwira kwambiri anthu a zaka za m'ma 20 mpaka 40, ambiri akadali ndi mano awo, ndipo chimachedwa kufika ku chipatala chifukwa kutupa kooneka ndi maso kunanyalanyazidwa, osati chifukwa agogo sanajambulidwe. Filimu ndi nthawi ya makina zikanapita kwa mnyamata wotupa tsaya zikanagwira ntchito yaikulu. Chimodzimodzi ndi zonena kuti OPG imatha kuonetsa mitsempha ya m'khosi youma kapena mafupa ofooka. Zikaoneka pa chithunzi chojambulidwa pa chifukwa china, dokotala azinene ndithu, koma si njira yopimira matenda amenewo, ndipo kupima BP ndi shuga pa mpando womwewo kungapulumutse anthu ambiri pa mtengo wochepa.

Pali zifukwa ziwiri zimene sizinenedwa mokweza. China ndi mantha a mlandu: dokotala amafuna chithunzi m'faelo kuti tsiku lina asadzanenedwe kuti sanaone. Koma chithunzi chimene chajambulidwa chiyenera kuwerengedwa chonse ndi kulembedwa zimene zapezeka, ndipo chojambulidwa n'kungoponyedwa m'kabati ndi umboni womutsutsa yekha. Chomuteteza ndi zolemba zoonetsa kuti anafunsa chiyani, anakhudza pati, anapeza chiyani, ndipo anasankha kusajambula chifukwa chiyani. Chinacho ndi chakuti makina a OPG ndi odula, ndipo amene wawagula amafuna abweze ndalama. Si tchimo, koma wodwala ali ndi ufulu wofunsa mwaulemu kuti, "Adokotala, mukufuna muone chiyani pamenepa, ndipo mukachipeza musintha chiyani?" Dokotala amene wapima amayankha mosavuta, n'kuloza ndi chala malo ake.

Nanga chitsa chosajambulidwa chija chikadzatulukira mano atapangidwa kale? Zimachitika. Patapita zaka mzera umatsika, kansonga kamafika pansi pa khungu, wodwala n'kuyamba kumva kubaya pamalo amodzi akamatafuna. Akabwera, dokotala amakapeza ndi chala, amajambula kafilimu kamodzi, amabaya dzanzi, ndipo popeza fupa lokaphimba linatha lokha, amakatukula m'mphindi zochepa popanda kusema. Mano amawapala pang'ono m'kati pamalo a balalo kuti asakhudze, wodwala amawavala, ndipo pakapita milungu 6 kapena 8 amathiramo pulasitiki watsopano kuti agwirenso. Kuthira kumeneku mano oikirira amakufuna ndi kale zaka zingapo zilizonse, chitsa chikhalepo kapena ayi.